Kutuluka m'chipatala si kuchira

Awa ndi mawu amene mlangizi wina wa achinyamata anayankhula pa mkumano wa makalabu a achinyamata ku Sharpevale, m'boma la Ntcheu. Tawasindikiza kuti makalabu ena awerenge ndi kukambirana.

  Ine ndine mwana pamaso panu, ndiye ndikaphonya penapake mundikhululukire.

Nthawi zambiri tikakumana chonchi timakamba za kudziletsa, kukhulupirika, makondomu ndi kuyezetsa magazi. Zimenezo n'zofunika ndipo sitisiya. Koma lero ndikufuna tikambe za munthu amene timamuiwala. Munthu ameneyu ndi uja anagonekedwa m'chipatala, wapezako bwino, ndipo amutulutsa ndi jumbo la mankhwala m'manja. Akafika pakhomo timati, "Aaa, mwatuluka? Mulungu ngwabwino." Basi, tathana naye. Kodi pakatha mwezi umodzi, alipo amene amapitanso kukaona ngati mankhwala a m'jumbo muja akumwedwa?

Zimene zinachitika kwathu

Ndiyambe ndi za pakhomo pathu. Amalume anga anandilola kuti ndizinena nkhaniyi, koma dzina lawo sinditchula.

Amalumewo anapita ku Joni kukasaka maganyu. Popita n'kuti ali kale pa ma ARV. Mankhwala atawathera kumeneko anaopa kupita kuchipatala chifukwa analibe mapepala, ndiye anangokhala. Chaka chinatha osamwa. Tsiku limene anatsika basi pamsewu apa, ife sitinawazindikire. Anali ataonda, akutsokomola, usiku thukuta lili kamukamu. Kuchipatala anawapeza ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo anawagoneka masabata atatu.

Tsiku lotuluka tinasangalala, mpaka tinapha nkhuku. M'jumbo mwawo munali mankhwala a mitundu isanu: a TB, ma ARV akumwa m'mawa, kapilitsi kena kowonjezera kakumwa madzulo, Bactrim, ndi kavitamini koteteza dzanzi la m'miyendo. Gadiyani anali agogo, ndipo agogo sadziwa kuwerenga. Adokotala anafotokoza ndithu, koma agogo mtima unali pa ndalama ya galimoto yobwerera kumudzi.

Umenewo unali mwezi wa Januwale. Mukudziwa nonse mmene Januwale amakhalira kuno. M'nkhokwe mulibe kanthu, nsima ndi kamodzi patsiku, penanso mango okhaokha. Amalume anayamba kudandaula kuti mankhwala akuwakumba m'mimba. Kenaka anaona mkodzo wafiira. Agogo anati amenewo ndi magazi, mankhwalawa amupha mwana wanga, n'kutenga a TB aja kukawabisa kudenga. Tsiku lobwerera kuchipatala litakwana, ndalama panalibe. Amalume, poti anali atapezako timphamvu, anapita kukapalira m'munda mwa eni kuti apeze ufa.

Sipanathe miyezi iwiri tinawanyamulanso, ulendo uno osatha n'kuyenda komwe. Tinagulitsa mbuzi ziwiri. Ndalama ya ulendo umodzi imene tinati tilibe ija, tinadzaipeza yochuluka kuposa pamenepo munthu ali kayakaya.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nthawi yonseyo ine ndinali ndikuyenda m'midzi ndi malaya a kalabu, kuphunzitsa anthu za Edzi. Jumbo lija sindinalitsegule ngakhale tsiku limodzi.

Chifukwa chiyani masabata oyamba ndi oopsa?

Anzanga, munthu akamatuluka m'chipatala ndiye kuti moto wachepa, koma makala akadali ofiira. Ambiri amene ali ndi kachirombo ka HIV akafika pogonekedwa, chitetezo cha m'thupi mwawo chimakhala chitatsika kwambiri. Achipatala amayeza asilikali a m'thupi otchedwa CD4, ndipo akatsika kuchepera 200 amati matenda afika patali. Chitetezo chimenechi sichibwerera m'sabata imodzi. Chimatenga miyezi, ndipo chimabwerera pokhapokha munthu akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Mu 2022 akatswiri anasonkhanitsa zofufuza za m'mayiko osiyanasiyana zokhudza anthu amene ali ndi HIV atatuluka m'chipatala. Anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 19 anagonekedwanso ndipo pafupifupi 14 anamwalira. Taganizani, anthu oti chipatala chinawapulumutsa kale, kukafera kunyumba.

Koma pali nkhani ina yolimbitsa mtima. Ku Lusaka m'dziko la Zambia ndi ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania kunachitika kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Anatenga anthu pafupifupi 2,000 amene ankayamba ma ARV chitetezo chitatsika kale. Theka la anthuwo anawayeza magazi kuti aone kachirombo koyambitsa matenda oumitsa khosi, komanso ankawayendera kunyumba sabata iliyonse kwa masabata anayi oyamba. Owayenderawo sanali madokotala ayi, anali anthu wamba ophunzitsidwa pang'ono. M'gulu limeneli imfa zinachepa ndi 28 pa 100 poyerekeza ndi gulu linalo. Mwamva? Mbali ina ya chimene chinapulumutsa anthu amenewa ndi munthu wamba wofika pakhomo n'kufunsa kuti, "Mwamwa?" Ntchito imeneyo ife ingatikanike?

Mankhwala ndi aulere, nanga vuto lili pati?

Ine ndinabadwa ma ARV atayamba kale kuperekedwa mwaulere. Dziko lathu linayamba zimenezi mu 2004. Makolo athu ali panowa amakumbukira nthawi imene maliro ankachitika motsatizana, mankhwala ali a anthu andalama okha. Mu 2011 Malawi anayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Mu 2019 kunabwera mankhwala atsopano okhala ndi dolutegravir, pilitsi limodzi patsiku, osavuta m'thupi ngati akale aja. Mankhwala a TB nawonso ndi aulere.

Ndiye wina anena kuti, ngati ndi aulere, wosamwayo ndi wamwano basi. Ayi anzanga, tisafulumire kuweruza. Pilitsi ndi laulere, koma njira yokalitenga ndi yolipira. Tikamacheza ndi anthu m'midzimu, zifukwa zimene timamva n'zomwezomwezo.

Choyamba ndi mayendedwe. Wodwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu, ndipo kuchoka kuno kuchigwa cha Bwanje kukafika ku boma si pafupi. Munthu wongotuluka kumene sangapalase njinga. Pafunika kabaza, pafunika minibasi, anthu awiri, kupita ndi kubwera. Banja loti lagulitsa kale mbuzi nthawi ya matenda lizitenga kuti?

Chachiwiri ndi njala. Munthu akayamba kuchira chilakolako cha chakudya chimabwerera mwamphamvu, ndipo pakhomo popanda ufa iye amaona ngati mankhwala ndi amene akumuzunza.

Chachitatu ndi kusamvetsa. Mabotolo ambiri, mayina achingerezi, gadiyani wotopa ndi kugona pansi masabata atatu. Safunsa anadya phula, koma tonse tikudziwa kuti munthu wa kumudzi pamaso pa adokotala amangoti "chabwino" ngakhale sanamve.

Chachinayi ndi manyazi. Kusalana kukadalipo. Mnyamata amabisa botolo kwa chibwenzi chake, mayi amabisa kwa apongozi, ndipo pamaliro pogona masiku atatu munthu amalephera kutulutsa mankhwala pagulu.

Chachisanu ndi mawu a anthu. Wina akuti wapemphereredwa, wachira, ataye mankhwala. Wina akubwera ndi mabotolo a zitsamba akuti zimachotseratu kachirombo. Wina akuti tiye ukamweko kachasu uiwale mavuto. Pemphero ndi labwino, nanenso ndimapemphera. Koma mpaka lero palibe mankhwala azitsamba kapena pemphero limene lachotsa HIV m'magazi a munthu. Pempherani, mukatha mumwe mankhwala.

Zimene tonse tiyenera kudziwa

Tisanathandize ena, ifeyo tidziwe zoona zake. Izi n'zochepa, mungazisunge pamtima.

Ma ARV a masiku anowa munthu atha kumwa atadya kapena asanadye. Chakudya n'chofunika kuti thupi libwerere, koma kusowa kwa nsima chisakhale chifukwa chodumphitsira tsiku. Madzi okha akwanira kumwera.

Mankhwala a TB amafiiritsa mkodzo, nthawi zina ngakhale thukuta ndi misozi. Si magazi ayi, ndi mtundu chabe wa mankhwalawo. Agogo anga akanadziwa zimenezi, bwenzi mbuzi zathu zilipo. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale chifuwa chitasiya pa mwezi woyamba. Wosiyira panjira TB imamubwerera, ndipo itha kubwera yosamva mankhwala.

Munthu akamamwa a TB pamodzi ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir, amapatsidwa kapilitsi kowonjezera kakumwa madzulo. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala a TB amachepetsa mphamvu ya ma ARV m'magazi. Kapilitsi kameneka anthu amakanyozera poti n'kakang'ono, koma n'kofunika zedi.

Amene anadwala matenda oumitsa khosi amatuluka ndi mankhwala otchedwa fluconazole, ndipo amamwa kwa nthawi yaitali, mpaka achipatala atanena okha kuti asiye. Ena mwa odwala amenewa amauzidwa kuti adikire masabata angapo asanayambe ma ARV. Ndiye tsiku lobwerera lija likaphonyeka, munthu amakhala kunyumba opanda ma ARV n'komwe.

Bactrim si wongowonjezera. Amateteza ku chibayo, kutsekula m'mimba ndi malungo pamene thupi lilibe mphamvu.

Munthu akaiwala kumwa n'kukumbukira pasanathe maola 12, amwe pomwepo. Akakumbukira mochedwa kuposa apo, adikire nthawi yake ya mawa. Asamwe awiri nthawi imodzi. Ndipo mankhwala sabwerekana ngati mchere. Kuno n'kotentha, choncho asungidwe pamthunzi, pouma, botolo lotseka bwino, patali ndi ana.

Mankhwala akathera munthu ali paulendo m'dziko mom'muno, apite ku chipatala chilichonse chopereka ma ARV ndi buku lake la kuchipatala, akamuthandiza ndi oti amufikitse kwawo. Amene akusamuka kapena kupita kunja, ayambe wakauza achipatala kuti amulembere kalata.

Nanga ife a kalabu tichitepo chiyani?

Ife tilibe ndalama, zimenezo n'zoona. Koma tili ndi miyendo, tili ndi njinga, timadziwa kuwerenga, ndipo ena tili ndi mafoni. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha kuti kalabu iliyonse iganizire zinthu zisanu izi.

Poyamba, tifike msanga. Tikamva kuti wina watuluka m'chipatala, tipite kukamuzonda sabata yomweyo monga mwa mwambo wathu. Tisapite gulu lonse titavala malaya olembedwa za Edzi, chifukwa kutero n'kumuulula munthu kwa mudzi wonse. Apite mmodzi kapena awiri amene banjalo limawadziwa. Ndipo tizizonda aliyense, wa shuga, wa BP, mayi wochitidwa opaleshoni, chifukwa onsewa amatuluka ndi mankhwala ofunika kumaliza. Tikamazonda onse, palibe amene aziloza chala kuti pakhomo paja pali chakuti.

Chachiwiri, wodwala akalola, titsegule jumbo limodzi ndi iye ndi gadiyani wake. Tiwerenge zimene zalembedwa m'buku la kuchipatala. Pa mankhwala a m'mawa tijambulepo dzuwa, pa a madzulo tijambulepo mwezi. Tifunse kuti tsiku lobwerera ndi liti, tililembe pa kalendala kapena pakhoma ndi kala. Pamene sitikumvetsa tisapeke, tikafunse alangizi a zaumoyo.

Chachitatu, tipeze chomukumbutsa. Amene ali ndi foni timutcherere alamu. Amene alibe, amangirire mankhwala ku chinthu chimene amachita tsiku lililonse: posukusula m'mawa, belu la kusukulu likalira, kapena nkhani za pawailesi zikayamba. Kamodzi pa sabata tiwerenge naye mapilitsi otsala. Mapilitsi sanama. Tikapeza kuti wadumphitsa, tisakalipe. Tifunse kuti, "Chinavuta n'chiyani, achimwene?" Munthu wokalipiridwa amaphunzira kubisa.

Chachinayi, tikonzekere ulendo tsiku lisanafike. Kalabu itha kukhala ndi kathumba kapadera ka ulendo wa odwala. Tikachita sewero kapena mpira, kapena tikalima ganyu limodzi, kenakake kazilowa m'menemo. Amayi a banki mkhonde ali ndi thumba la zadzidzidzi, tikambirane nawo. Amene tili ndi njinga tisinthane kunyamula odwala. Komanso wodwala afunse asanatuluke ngati angamakatengere mankhwala ku chipatala chaching'ono chapafupi, m'malo mobwerera kutali mwezi ndi mwezi.

Pa nkhani ya ulendoyi tiphunzire kwa anansi athu. Ku Tete m'dziko la Mozambique, mu 2008, anthu amene ali pa ma ARV mothandizidwa ndi bungwe la MSF anayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira 6. Mwezi uliwonse amapita mmodzi kukatengera onse, mosinthana, ndalama ya ulendo n'kusonkherana. Njira imeneyi inafikanso kuno kwathu, ku Thyolo. Ndi ya anthu amene thupi lakhazikika, osati wongotuluka kumene. Chimodzimodzinso kulandira mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi: achipatala amapereka kwa amene akumwa mokhulupirika ndipo tizirombo tachepa m'magazi. Muuzeni wodwala zimenezi, kuti adziwe kuti maulendo a pafupipafupiwa ndi a miyezi yoyamba yokha.

Chachisanu, chakudya. Dimba la kalabu lisamangokhala lopezera ndalama ya yunifolomu ya mpira. Masamba, maungu, mbatata, kambale ka nandolo kapena mtedza wosinja wothira m'phala, zimenezi zimamudzutsa munthu. Ngati munda wake wagonera chifukwa cha matenda, tipite Loweruka limodzi tikamupalirire. Wodwala akaonda kwambiri, alangizi a zaumoyo adziwe kuti akamuyeze ngati akuyenera chakudya chapadera cha kuchipatala. Ndipo a mfumu, pamene mukulemba maina a mabanja ovutikitsitsa oti alandire thandizo, monga la Mtukula Pakhomo, chonde makomo oterewa muziwakumbukira.

Malire athu

Anzanga, ife si madokotala. Sitisintha mankhwala a munthu, sitimuuza kuti asiye, sitimugulira ena pagolosale. Ntchito yathu ina ndi kuona zizindikiro zoopsa ndi kuthamanga. Mutu ukamapweteka kwambiri osasiya, khosi likauma, munthu akayamba kusokonezeka kapena kukomoka, akamabanika, akamasanza chilichonse, maso akachita chikasu, zilonda kapena zidzolo zikabuka thupi lonse, kapena akalephera kuyenda yekha, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku.

Malire ena ndi pakamwa pathu. Zimene waona m'jumbo la munthu ndi zake, si zokakamba kumjigo kapena pa bawo, ngakhale kwa mnzako wa pamtima. Dziko lathu lili ndi lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limene limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, kalabu imene yaulula chinsinsi cha munthu mmodzi yatseka zitseko za mudzi wonse. Wodwala akakana kuti timuthandize, tilemekeze. Timufunse ngati pali wina amene amamukhulupirira.

Ndinenenso za ife tomwe. M'makalabu mwathu muli anzathu amene anabadwa ndi kachirombo, ndipo akhala akumwa mankhwala kuyambira ali ana. Ena amatopa, makamaka akafika msinkhu wa zibwenzi kapena akapita kusukulu yogonera konko. Ngati uli pano ndipo unasiya, bwerera. Kuchipatala akakulandira ndi kukuyambitsanso. Ndipo dziwa ichi: munthu amene akumwa bwino mpaka tizirombo osaonekanso poyeza magazi, sapatsira mnzake kachirombo pogonana. Mankhwala ako akuteteza iwe, akutetezanso amene udzakwatirane naye.

Mu 2025 dziko la America linadula thandizo lake lambiri la zaumoyo m'mayiko osauka, ndipo ena mwa anthu amene ankalipidwa kuti aziyendera odwala m'midzi ntchito inawathera. Zimenezi zatiphunzitsa kuti thandizo lochokera kutali litha kuima tsiku lililonse. Koma ife sitichoka, kwathu n'konkuno.

Mwina mukufuna kudziwa za amalume aja. Atatuluka kachiwiri, jumbo ndinalitsegula ndine. Anzanga awiri a m'kalabu ankasinthana nane kuwanyamula pa njinga. Agogo ndi amene anasanduka wotchi, m'mawa uliwonse ankafika ndi kapu ya madzi asanapite kumunda. Amalume anamaliza mankhwala a TB, ma ARV akumwabe, ndipo atawayeza magazi anawauza kuti tizirombo sitikuonekanso. Chaka chino alima okha, ndipo akuti mbuzi zija adzabweza.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tisanabalalike lero, kalabu iliyonse isankhe anthu awiri, mnyamata ndi mtsikana, osunga chinsinsi, amene akadziwonetse kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lawo sabata ino. Tikadzakumananso, tisadzangowerenga masewero amene tachita. Tidzafunsane kuti ndi anthu angati amene tinawaperekeza mpaka anamaliza mwezi woyamba osadumphitsa, osatchula maina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.